A dokotala nawonso azibwerera kusukulu

Amayi ndi abambo amene mumakaoda usipa kunyanja simufuna wokulondolerani msewu wa M5. Mukachoka ku Salima mumadutsa pa Nkhotakota boma, n'kuwoloka Bua, n'kufika pa Dwangwa pamene minda ya mizimbe ya Illovo imangoti biriwiri mbali zonse. Mukapitirira Ngala, musanalowe m'boma la Nkhata Bay, ndiye mwafika pa Dwambazi. Uku ndi kumathero kwa boma la Nkhotakota, kwa anthu a kondowole ndi nsomba, kumene Chitonga ndi Chichewa zimalowana pamsika umodzi.

Pa Dwambazi pali chipatala, Dwambazi Rural Hospital. Msodzi akadwala, mlimi wa chinangwa akadzitema ndi chikwanje, mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku, kothawira ndi pomwepo. Ngakhale inu ochokera ku Lilongwe, Kasungu kaya ku Mzuzu, mukagona padoko sabata ziwiri kudikira kuti mwera uleke asodzi alowe m'madzi, botolo la ma ARV n'kukutherani, mudzagogoda pakhomo lomweli. Chipatala chachikulu cha boma ndi chija cha mishoni cha St Anne's zili kutali ku boma, ndipo madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 atadula msewu cha ku Dwangwa tidaona tonse kuti kutaliko nthawi zina kumasanduka kosafikika.

Tsono funso ndi ili: munthu wovala zoyera amene mukampeze kuseri kwa tebulo, kaya ndi namwino, kaya ndi kiliniko ofesala amene tonse timangomuti a dokotala, adaphunzira liti komaliza?

Musati n'chipongwe ayi. Telala amene adaphunzira kusoka mu 1990 akhoza kukusokerani diresi lero, lachikale inde koma lovalika. Koma wachipatala amene adatseka mabuku mu 2005, pa nkhani ya Edzi akhoza kukupwetekani ali ndi mtima wabwino womwe.

Zoona za dzulo, zolakwa za lero

Munthu woyamba adapezeka ndi Edzi m'Malawi muno mu 1985. Nthawi ya a Ngwazi nkhaniyi idali yonong'ona. Anthu adaipatsa maina, kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, ndipo kumaliro ankangoti malemuwa adadwala nthawi yaitali. Amene adaphunzira zachipatala zaka zimenezo adauzidwa chinthu chimodzi: mankhwala kulibe, muchizeni chifuwa ndi kutsegula m'mimba, kenaka abale apite naye kumudzi. Nanga si ndicho chifukwa chake mu 1995 mtundu udakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, ophunzira ndi osaphunzira omwe, ena pamalole ena pamabenzi.

Mu Febuluwale 2004 a Bakili Muluzi, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko lino ya Edzi, adaulula pagulu kuti mbale wawo adamwalira ndi matendawa. Mu Juni chaka chomwecho ma ARV aulere adayamba m'zipatala za boma ndi ndalama za Global Fund.

Mankhwala oyambawo adali Triomune, kumwa m'mawa ndi madzulo. Adadzutsa anthu amene abale adali atayamba kale kuwafunira matabwa. Koma adali ndi msonkho wake: masaya kulowa m'kati, miyendo ndi matako kuphwa, mapazi kuchita dzanzi kapena kutentha ngati waponda pamoto, mwakuti munthu ankadziwika ndi nkhope kuti uyu ali pa mankhwala. Ndiponso sankangopatsa aliyense. Umayenera kudwala kaye kwambiri, kapena chitetezo cha m'thupi chija amati CD4 chitsike kuchepera 200.

Muyeso umenewu udakwezedwa kufika pa 250, kenaka 350 mu 2011, kenaka 500 mu 2014, mpaka mu 2016 boma lidati basi, aliyense wopezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala osadikira kudwala. Mu Julayi 2011 Malawi idayamba chinthu chimene maiko ena adachita kudzatengera kuno, chija amati Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa, akapezeka ndi kachirombo, ayambe mankhwala a moyo wonse. Mankhwala adasintha kukhala aja a 5A, piritsi limodzi usiku, limene ena linkawapatsa chizungulire ndi maloto oopsa. Mu 2019 kudabwera a 13A, okhala ndi dolutegravir, amene ambiri akumwa lero.

Pa zaka 15 zokha, mitundu itatu ya mankhwala oyambira, ndi lamulo la yemwe ayenera kuyamba kusintha kanayi.

Za kuyamwitsa ndiye musanene. Idalipo nthawi amayi a kachirombo ankauzidwa kuti mwana akangokwana miyezi 6 amuchotse kubere msangamsanga. Ana ambiri adanyentchera, ena adapita ndi kutsegula m'mimba. Lero malangizo ndi akuti mayi amene akumwa mankhwala mokhulupirika ayamwitse mwakathithi miyezi 6, n'kupitiriza kuyamwitsa mpaka mwana atakwana zaka 2. Namwino amene uthengawu sudamufike akhoza kulanda mwana bere lero lino, iye akuganiza kuti akumupulumutsa.

Palinso tina ting'onoting'ono timene sitilembedwa pazikwangwani. Munthu amene ali pa dolutegravir akayamba mankhwala a chifuwa chachikulu amayenera kuwonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir, chifukwa mankhwala a TB aja amawafoola. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo, ndi aja oyera a kutentha pamtima, amatha kutchinga dolutegravir kulowa bwino m'thupi munthu akamwera limodzi kumimba kulibe kanthu. Mankhwala a 5A ankafoola kulera kwa pamkono, amayi ena n'kutenga mimba ali ndi kachubu pamkono, pamene a 13A vutoli alibe. Wachipatala sangazilote izi. Ayenera kuuzidwa, kuwerenga, ndi kukumbutsidwa.

Adawafunsa ndani amayi?

Koma maphunziro amene tikunenawa si a mapiritsi okha. Pali mbali ina imene kusukulu za zachipatala amaiphunzitsa ngati phunziro palokha: khalidwe loyenera pantchito. Kusunga chinsinsi, kupempha chilolezo usadakhudze thupi la munthu, kumuuza wodwala zoona, ndi kumulola kusankha yekha. Nkhani ya dolutegravir yomweyi ikuonetsa bwino momwe ziwirizi zimalukirana.

Mu Meyi 2018 kafukufuku wina wa ku Botswana adaonetsa ngati kuti amayi otenga mimba ali pa mankhwalawa akhoza kubereka ana opunduka msana kapena ubongo. Dziko lonse lapansi lidanjenjemera. Maiko ambiri adati amayi a msinkhu wobereka asapatsidwe. Kuno kwathunso, pomwe 13A ankayamba mu Januwale 2019, oyamba kusinthidwa adali abambo ndi amayi a zaka 45 kupita m'tsogolo. Amayi achitsikana adatsala pa 5A ndi chizungulire chawo.

Amayi a kachirombo ochokera m'maiko a mu Africa adakumana ku Kigali mu Julayi 2018 n'kufunsa funso losavuta: bwanji mukutisankhira osatifunsa? Tiuzeni kuopsa kwake n'kotani, ubwino wake n'ngotani, tipatseni kulera ngati tikufuna, tsono tisankhe tokha. Chiwerengero cha ana obadwa chitachuluka zidaoneka kuti kuopsa kuja kudali kochepa kwambiri kuposa momwe ankaganizira, ndipo mu Julayi 2019 bungwe la WHO lidati mankhwalawa ndi a aliyense, amayi omwe.

Taganizani tsono za namwino wa kumalo ngati Dwambazi m'chaka chimenecho. Januwale akuuzidwa kuti amayi achitsikana musawapatse. Chaka chisadathe akuuzidwa kuti apatseni. Mayi wamva mphekesera padoko kuti mankhwala atsopanowa amapundula ana, ndipo akufunsa. Namwino amene adangolandira kalata ya lamulo osamva chifukwa chake amangoyankha kuti imwani, ndi boma latero. Mayi uja amapita kwawo, botolo n'kuliponya pansi pa bedi. Namwino amene adafotokozeredwa bwino amakhala naye pansi mphindi zisanu, ndipo mankhwala amamwedwa. Kusiyana kwake n'komweko.

Kumudzi kulibe mlendo

M'tauni munthu akhoza kubisala. Wa ku Ndirande amakatengera mankhwala ku Limbe, wa ku Kawale amapita ku Lighthouse kapena kwina, palibe womudziwa. Kumalo ngati Dwambazi, ndi kulikonse kumene chipatala chili chimodzi, kulibe zimenezo. Namwino mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mlangizi wa zaumoyo ndi mlamu wanu. Wokolopa m'chipatala amagula matemba pabenchi lanu. Mlonda wa pageti adakwatira kwanu.

Ndiye chinsinsi sichituluka ndi njiru nthawi zonse ayi. Chimatuluka ndi chizolowezi. Kuitana dzina mokweza pakhonde n'kuwonjezera kuti bwerani mudzatenge aja a masiku onse. Kusiya makadi a odwala patebulo poyera. Kutsegula buku la kuchipatala la munthu pamaso pa apongozi amene amuperekeza. Kukambirana za wodwala m'minibasi, poganiza kuti posatchula dzina palibe angazindikire, chikhalirecho mudzi wonse ukudziwa kuti mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu amene mwamuna wake ali ku Joni ndi mmodzi yekha. Ngakhale wolondola odwala amene asiya kubwera, akaimika njinga yake pakhomo panu dzuwa likuswa mtengo, walengeza kale osatsegula pakamwa.

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma apa mlomo wosiyidwawo sutsata mwini wake, umatsata wodwala. Mayi wogulitsa zakudya makasitomala amamuthawa. Msodzi anzake amayamba kumuseka m'bwato. Mtsikana chibwenzi chimatha. Zikatero anthu amachita ziwiri. Ena amalipira thiransipoti kukatengera mankhwala kutali kumene sadziwika, ndipo mwezi umene ndalama yasowa mankhwalanso amadukiza. Ena amangosiya. Akadzabwerera amabwera pamachira, tizirombo titachuluka, mwina titayamba kale kupima mphamvu mankhwala.

Kafukufuku wa boma wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100 alionse m'dziko muno ali ndi kachirombo, amayi ochuluka kuposa abambo, ndipo mwa amene ali pa mankhwala pafupifupi onse tizirombo tidali titagonja m'magazi. Munthu wotere, akapitiriza kumwa, sapatsira mnzake pogonana. Eetu, ndi momwe sayansi yafikira. Tsono taonani kuwawa kwake: mankhwala akugwira ntchito, ndi aulere, koma munthu n'kuwasiya chifukwa cha mlomo wa wina.

Khoti lidalankhula kale

Ena amaganiza kuti za chinsinsi ndi chilolezo ndi zachizungu, zongokometsera. Ayi ndithu, ndi lamulo, ndipo makhoti athu omwe adagamulapo.

Mu 2009 apolisi ku Mwanza adagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala cha boma kukawayeza magazi osawafunsa. Zotsatira zidawerengedwa m'khoti anthu ali phaa, ena mwa amayiwo n'kumva koyamba pomwepo kuti ali ndi kachirombo. Amayi 11 adakasuma, ndipo mu Meyi 2015 Jaji Dorothy nyaKaunda Kamanga wa khoti lalikulu ku Blantyre adagamula kuti zimene zidachitikazo zidaphwanya ufulu wawo wa m'malamulo oyendetsera dziko. Pa nkhaniyi ambiri amaloza chala apolisi, koma jakisoni wotenga magazi uja sadagwire ndi wapolisi. Adagwira ndi wachipatala, amene akadadziwa bwino malire a ntchito yake akadati pepani bwana, popanda chilolezo cha mwini thupi ine sindiyeza.

Mu 2016 mayi wina amene adali pa ma ARV adagamulidwa kukakhala kundende miyezi 9 chifukwa adayamwitsa mwana wa mnzake pamsonkhano wa m'mudzi. Mwanayo sadatenge kachirombo. Mu Januwale 2017 Jaji Zione Ntaba ku Zomba adafafaniza chigamulocho, atamva umboni wa akatswiri wakuti mayi amene ali pa mankhwala n'kovuta kwambiri kupatsira mwana poyamwitsa kamodzi. Apanso muone, umbuli wa sayansi ndi kusasamala ufulu wa munthu zidayendera limodzi.

Mu Novembala 2017 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la HIV ndi Edzi, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018. Poyamba bilu yake idali ndi zigawo zokakamiza amayi oyembekezera, antchito a m'nyumba ndi ofuna usilikali kuyezedwa, komanso zomanga munthu chifukwa chopatsira mnzake. Amayi a kachirombo adalimbana nazo mpaka aphungu adazichotsa. Lamulo limene lilipo likuti munthu ayezedwe atavomera yekha, atalandira uphungu. Mwana wa zaka 13 akhoza kukayezetsa popanda kholo. Bwana sangakuyezeni magazi kuti akulembeni ntchito. Ndipo kuulula kuti wakutiwakuti ali ndi kachirombo, kunja kwa njira zimene lamulo likuloleza, ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende.

Aliyense amene adamaliza sukulu ya zachipatala chisadafike chaka cha 2018 lamuloli sadaliphunzire m'kalasi. Ndipo amenewo ndi ambiri, ena ndiwo akuluakulu a zipatala.

Nkhani zake sizikhala zophweka nthawi zonse. Tiyerekeze bambo wa chilimira, wa mitala, wapezeka ndi kachirombo ndipo wakanitsitsa kuuza akazi ake. Mkazi wamng'ono akubwera kusikelo pachipatala chomwecho, kwa namwino yemweyo. Namwino atani? Akangothamanga kukauza mayiyo, waphwanya chinsinsi, ndipo abambo onse a padoko akamva sadzapondanso kuchipatala. Akangokhala chete, mayi ndi mwana ali pangozi. Lamulo lidapereka njira yapakati: kumulangiza bamboyo mobwerezabwereza, kumuthandiza kuti abwere ndi akazi ake ayezedwe limodzi, ndipo pokhapokha zonse zitakanika, atamuchenjeza kaye, ndi pamene wachipatala angadziwitse mkaziyo. Nanga akakhala mayi amene akuopa kuti akaulula mwamuna amumenya n'kumupitikitsa? Apo ndiye pofunika mutu wozizira kwambiri. Nzeru zotere munthu sazitola m'buku tsiku limodzi. Zimakula pokambirana ndi anzako a ntchito, mlandu ndi mlandu, chaka ndi chaka.

Maphunziro kapena alawansi?

Pa pepala zonse zili bwino. Madokotala, makiliniko ofesala ndi mamedikolo asisitanti ali pansi pa Medical Council of Malawi, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo ili ndi buku lake la khalidwe loyenera pantchito. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, imene kuyambira mu 2010 idalamula kuti namwino azisonkhanitsa mapointi a maphunziro owonjezera, aja amati CPD, kuti chiphaso chake chikonzedwenso. Mbali ya madokotala nayonso imafuna mapointi otere. Ndiye kuti wachipatala amene sakuphunzira sayenera n'komwe kukugwirani.

Koma mapointiwo amapezeka kuti? Mu 2004 a Adamson Muula a ku College of Medicine ndi anzawo adasindikiza kafukufuku wa momwe ogwira ntchito zachipatala mu Blantyre ankapezera maphunziro owonjezera, ndipo zidaoneka kuti ambiri adalibe mwayi wa magazini a zachipatala ngakhale intaneti. Umo mudali mu Blantyre, momwe muli Queens ndi sukulu ya madokotala. Mafoni asintha zambiri chichokereni nthawi imeneyo, maphunziro ena tsopano amabwera pafoni pomwe, koma bandulo ndi ya m'thumba mwa namwino, ndipo netiweki ndi magetsi a kunyanja mukuwadziwa nokha.

Njira imene tidazolowera ndi ya wekishopu. Kalata imafika ku boma, maina amasankhidwa, anthu amapita kuhotela ku Salima, ku Mponela kaya ku Mangochi sabata yathunthu. Sitikunyoza ayi, ambiri aphunzira zenizeni kumeneko, ndipo ndi malipiro a m'boma momwe alili, palibe angamunene namwino chifukwa chokondwera ndi alawansi. Vuto ndi lakuti alawansi ikalowa, wekishopu imasanduka mphotho. Amene ali pafupi ndi ofesi yosankha maina amapita kawirikawiri, a kumathero a boma amamva mochedwa. Wina amapita ku maphunziro a ntchito imene saigwira n'komwe. Ndipo pachipatala chaching'ono, mmodzi akachoka sabata yathunthu, otsalawo mzere umawafikira kumsewu. Wotopa uja ndi amene amakalipa, ndi amene amaitana maina mokweza kuti athane nazo msanga. Timapita kukaphunzira ulemu kuhotela, kwinaku tasiya mnzathu m'mavuto amene amathetsa ulemu.

Chilipo chinthu chimodzi chimene dziko lino lidachita bwino ndipo tiyenera kuyamikira. Chiyambireni ma ARV aulere, unduna wa zaumoyo udakhazikitsa zoti miyezi itatu iliyonse gulu la akatswiri liziyendera chipatala chilichonse chopereka mankhwalawa, kuona makaundula, kuwerenga mabotolo, ndi kukonza zolakwika pomwepo. Amenewo ndiwo maphunziro ofika kumene kuli munthu, osati munthu kulondola maphunziro. Koma oyenderawo amawerenga zowerengeka: angati ayamba, angati asiya, mabotolo atsala angati. Palibe kaundula wa zinsinsi zotayika. Akalemba kuti wodwala wasowa, palibe mzere wofunsa kuti kodi adathawa mlomo wa ndani.

Ndipo pali gulu lina limene makhonsolo awiri aja saligwira: alonda, okolopa, makalaliki olemba makadi, oyendetsa ambulansi. Iwowa alibe chiphaso choti alandidwe, ku wekishopu saitanidwa kawirikawiri, komatu amaona aliyense wolowa ndi wotuluka. Phunziro la chinsinsi likadayenera kuchitikira pachipatala pomwepo, masana amodzi pamwezi, onse ali pamodzi kuyambira in-charge mpaka wa pageti, m'Chichewa ndi m'Chitonga. Silifuna hotela, silifuna basi.

Nkhaniyi yafika povuta tsopano chifukwa cha ndalama. Kwa zaka zambiri maphunziro ochuluka a Edzi, alangizi oyendayenda m'zipatala, ngakhale malipiro a ena oyeza magazi, zinkalipiridwa ndi mabungwe odalira thandizo la America kudzera ku PEPFAR. Mu Januwale 2025 boma la a Donald Trump lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lakunja, bungwe la USAID lidatsekedwa chaka chomwecho, ndipo ntchito zambiri zidasokonekera. Ndalama ikachepa aliyense amathamangira kuteteza mapiritsi, ndipo n'zomveka. Choyamba kudulidwa amakhala maphunziro. Chikhalirecho zatsopano sizikudikira: kwabwera zodziyeza wekha kunyumba, kwabwera jakisoni woteteza amene alibe kachirombo, ndipo chilichonse chikubwera ndi mafunso ake a chilolezo ndi chinsinsi.

Mbali yanu a kumsika

Tisanamizane, nkhani yotuluka kuchipatala siyenda yokha. Imafuna msika, ndipo msika wake nthawi zambiri ndi wathu womwewu. Pabenchi la tomato, pamzere wa kaunjika, pamalo oyanika usipa, ndi pomwe imagulidwa n'kugulitsidwanso ndi phindu. Dziwani kuti lamulo la 2018 lija silidatchule achipatala okha. Likuti munthu aliyense. Inu amene mwalalatira mnzanu pamkangano wa malo kuti ndiwe wa ma ARV, mnzanuyo akhoza kukutengerani kupolisi.

Koma inunso muli ndi zoyenera kufuna mukalowa m'chipinda cha a dokotala. Chitseko chitsekedwe. Wokuperekezani atuluke ngati simukufuna kuti amve. Akakusinthirani mankhwala, funsani chifukwa chake, ndi zimene simuyenera kumwera limodzi. Funsani zotsatira za magazi aja adatenga oyeza kuchuluka kwa tizirombo, musangovomera kuti sizidabwere chaka chonse. Wachipatala wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Amene amakwiya, kawirikawiri ndi amene yankho alibe.

Inu oyenda maulendo, uzani a kuchipatala kwanu za ntchito yanu. Kuyambira mu 2019 amene akuyenda bwino pa mankhwala amatha kulandira a miyezi 6 nthawi imodzi. Ndipo akakutherani muli kutali, malangizo a unduna amalola chipatala china kukupatsani a mwezi umodzi ongokuthandizani, bola muonetse buku lanu la kuchipatala. Ndiye poika ndalama za oda m'kachikwama ka m'chiuno, bukulo lilowe momwemo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Zikakuchitikirani zosayenera, kodandaula kulipo. Kuyambira mu 2018 zipatala za boma zidayamba kukhala ndi Hospital Ombudsman, munthu wolandira madandaulo a odwala. Zipatala za kumidzi zili ndi makomiti a anthu a m'deralo. Nkhani ikakula, makhonsolo awiri aja ku Lilongwe ali ndi mphamvu yoitanitsa wachipatala, kumuimitsa, ngakhale kumulanda chiphaso.

Makomiti amenewa, pamodzi ndi makhansala ndi mafumu a kumpoto kwa Nkhotakota, amadziwa kufunsa za ambulansi, za mafuta ndi za mankhwala osowa. Pa msonkhano wotsatira ndi akuluakulu a zaumoyo a boma awonjezerepo mafunso awiri. Pa anthu amene adapita ku maphunziro chaka chathachi, a ku Dwambazi, Ngala ndi zipatala zina za kutali ndi boma adali angati? Nanga lamulo la 2018 lija, alonda ndi okolopa a m'zipatala zathu adawawerengerapo ndani?